Lumo, Chipanda ndi Manda

Mwa miyambi yonse imene akuluakulu amaponyerana pabwalo la milandu, ulipo umodzi umene makolo a ku Kaphirintiwa sanaumvepo, pakuti unabadwa Buku Lopatulika litalowa kale m'midzi, ndiwo uja wakuti, "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane." Amene anayamba kuunena anali munthu wotchera khutu m'nyumba ya Mulungu, ndipo anagwira bwino pamene pagona nkhani: kuti Herode Antipa, wolamulira dziko la Galileya, analibe mtima wakupha mneneri usiku umenewo, koma atakondwera ndi kuvina kwa mwana wamkazi wa Herodiya, analumbira pamaso pa nduna zake ndi akazembe ake kuti adzampatsa buthulo chilichonse lingapemphe; ndipo chopemphacho chitamveka, chisoni chinamgwira, komatu manyazi a pa alendo anakula koposa chisonicho. Chimene mwambiwo umasiya osanena n'chakuti wodulidwa mutuyo naye anali munthu wa lonjezo, pakuti asanabadwe, atate wake Zekariya anauzidwa m'Kachisi kuti mwanayo sadzalawa vinyo kapena chakumwa chaukali masiku onse a moyo wake. Chotero m'nyumba imodzi ya mfumu munagona malonjezo awiri, lina paphwando, lina m'ndende, ndipo lolankhulidwa mofulumira linameza lija losungidwa kuyambira m'mimba.

Za kuwinda ndi kudzipatula si zachilendo kwa ife okhala m'boma la Rumphi, ngakhale ambiri amayesa kuti zinadza ndi Azungu. Munthu akaima m'chigwa cha Henga amakhala pakati pa mapiri awiri opatulika. Lina ndi Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakakhazikitsa likulu la mishoni ya Livingstonia mu 1894, mishoniyo itayamba yakhala ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Linalo ndi Chikang'ombe, m'dziko la Nkhamanga, kumene Atumbuka akale anali kupempha mvula kwa mzimu umene anauyesa njoka yaikulu yoyenda ndi mphepo, ndipo mzimuwo unali ndi mkazi wake, munthu wa mwazi ndi mnofu, wopatulidwa pakati pa anzake. Mapiri onse awiri anaphunzitsa kuti Wam'mwambamwamba amafuna ena akhale padera; koma m'lamulo la Mose muli nzeru ina imene ndiyesa kuti mapiri onsewa sanaigwiritse, ndipo amene afuna kuiona ayenera kuliwerenga lamulolo kufikira kumapeto kwake, osalekera pakati monga timachitira ambiri.

Lamulo la Mnaziri lalembedwa m'buku la Numeri, mutu 6, ndipo n'lalifupi kotero kuti mwana wa sukulu angalitsirize nsima isanapse. Mwamuna kapena mkazi aliyense wa mu Israyeli, popanda womkakamiza, anali nawo ufulu wakuwinda kuti adzipatulira Yehova kwa nyengo yakutiyakuti. Ndipo atangotsegula pakamwa pake, anali kulekana ndi mpesa ndi zonse zobadwa kwa uwo, vinyo ndi vinyo wosasa, madzi a mphesa, mphesa zaziwisi ndi zouma, ngakhale njere ndi khungu lomwe, pamodzi ndi chakumwa china chilichonse choledzeretsa. Lumo silinali kupita pamutu pake, tsitsi linali kukula monga lifunira. Ndiponso sanali kuyandikira mtembo, ungakhale wa atate wake kapena amake, mbale wake kapena mlongo wake.

Munthu wokulira m'tauni angadabwe kuti mphesa, tsitsi ndi mtembo zakumana bwanji m'lamulo limodzi, popeza sizioneka zachibale; koma woleredwa m'mudzi sadabwa, chifukwa amadziwa bwalo limodzi pamene zitatuzi zimakhalira limodzi, ndilo la maliro. Uthenga ukamveka kuti uje watisiya, makasu amasiyidwa m'munda, adzukulu amapita kukakumba, amayi amagona pasiwa. Patapita masiku achibale amasonkhana kudzameta. Ndipo nyengo yake ikakwana, Achewa amafulula mowa wa bona, Atumbuka nawo amafulula wao wa mawere, kuti womwalirayo aperekezedwe ndi kuti otsala amasuke. Manda, lumo ndi chipanda ndizo zingwe zimene zimamanga mudzi, ndipo munthu wosaoneka pamaliro a anzake timamdziwa chimene chimamuonekera tsiku limene zovuta zagwa pakhomo pake, pamene adzukulu akhala pansi namuyang'ana, nati akumbe yekha. Pakuti akuluakulu anati maliro n'kulirana. Chipandacho sichinali cha pamaliro pokha: ndi mowa wa dima umene unalimitsa munda wa nkhalamba, ndi mowa umene unatsiriza mlandu wa anthu odana. Tsono taganizani za munthu amene wadula zingwe zonse zitatu ndi mawu a pakamwa pake, amene atate wake akuikidwa m'manda iye ali chiimire patali, mutu uli wosameta, chipanda chikumdutsa. Kusala mowa n'kopepuka, ndipo ambiri amakutha. Kuleka tsitsi kuli ndi ulemerero wake, popeza onse amaona. Koma kumva kulira kwa amako m'nyumba yoyandikana, iwe osaloledwa kulowamo, kumeneko ndiye kudzipatula kwenikweni, ndipo sindikhulupirira kuti kunali kopepuka ku Betelehemu koposa mmene kungakhalire ku Mhuju kapena ku Bolero.

Nanga n'chiyani chimene munthu anali kupindula ndi mtengo wotere? Yankho lili m'buku la Levitiko, mutu 21 ndi mutu 10. Wansembe wamba anali kuloledwa kudzidetsa ndi mtembo wa abale ake enieni, koma mkulu wa ansembe yekha ndiye analetsedwa ngakhale pa atate wake ndi amake; ndipo vinyo ansembe analetsedwa polowa m'chihema chokomanako basi, osati masiku onse. Mnaziri tsono, m'masiku a chowinda chake, anali kusenza lamulo lolingana ndi la mkulu wa ansembe, mwinanso kuposerapo. Unsembe unali wa kubadwa nao: amene sanatuluke m'chiuno mwa Aroni sanaulote, monganso ufumu wa Chikulamayembe umakhala m'nyumba ya a Gondwe yokha. Koma apa panatsegulidwa khomo lina, lakuti mbusa wa nkhosa, mkazi wamasiye, munthu wopanda dzina pabwalo, akwere ndi mawu ake okha kufikira pa chiyero cha munthu wopatulika koposa onse m'dzikomo. Pa mkazi panali chotchinga, pakuti mutu 30 wa Numeri umapatsa atate kapena mwamuna mphamvu yakufafaniza chowinda cha mkazi, malinga atero tsiku lomwelo wachimva, ndipo wamasiye ndi wosudzulidwa okha ndiwo analibe wowaletsa. Komabe akazi anawinda, ndi akazi otchuka omwe. Mabuku a aphunzitsi a Ayuda amasimba za Helena, mfumukazi ya ku Adiabene, amene anawinda kuti mwana wake akabwerako wamoyo kunkhondo, iye adzakhala Mnaziri zaka 7. Ndipo atazitsiriza nakwera ku Yerusalemu, aphunzitsi a nyumba ya Hillel anamuuza kuti masiku osungidwa kunja kwa dziko la Israyeli sawerengedwa, ayambenso zina 7.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a chowinda ichi anali akuya. Aphunzitsi omwewo anaweruza kuti munthu akawinda osatchula nyengo, ndiye kuti wawinda masiku 30. Tinene kuti wasunga masiku 29 osaphonya, ndipo madzulo ake mnzake wokhala naye pamphasa wagwa mwadzidzidzi natsirizika pomwepo. Iye sanalakwe kanthu, sanafune, sanadziwe. Koma lamulo liti mutu wake wadetsedwa, amete tsiku lachisanu ndi chiwiri, m'mawa mwake abwere nazo kwa wansembe njiwa ziwiri kapena maunda awiri, ndi mwana wa nkhosa wa nsembe yopalamula, ndipo masiku onse apitawo agwa, ayambire pachiyambi. Ena amaona nkhanza m'menemu. Ine ndimaonamo chenjezo la munthu wodziwa dziko, lakuti wowinda amalamulira pakamwa pake pokha, koma mawa sali m'manja mwake, ndipo imfa sifunsa ngati tsiku lako latsala limodzi.

Koma pamene pali mtima wa lamulo lonse ndi pa mathero ake, pamene alaliki athu kawirikawiri amakhala atatseka kale buku. Masiku akakwana, Mnaziri anali kubwera naye pakhomo la chihema chokomanako, ali ndi mwana wa nkhosa wamwamuna wa nsembe yopsereza, mwana wa nkhosa wamkazi wa nsembe yauchimo, nkhosa yamphongo ya nsembe yamtendere, ndi dengu la mikate yopanda chotupitsa. Ndipo tsitsi lija limene linamchititsa kulozedwa chala m'misewu, limene linali chisoti chake pamaso pa anthu, anali kulimeta pomwepo ndi kuliponya pamoto wa pansi pa nsembe, lipse lithe. Sanalisunge m'thumba kuti adzaonetse adzukulu ake. Atatero, lamulo linena mosabisa kuti tsopano angathe kumwa vinyo. Munthu uja wabwerera ku chipanda, ku lumo ndi ku manda a abale ake. Wabwerera kukhala munthu pakati pa anthu, pakuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Chiyerocho anachita kubwereka kwa nyengo, ndipo nyengo itatha anachibweza kwa Mwini wake.

Nsembe yauchimoyo inavutitsa aphunzitsi akale, ndipo iyenera kutivutitsa ifenso: wachimwa chiyani munthu amene wangotsiriza kumene masiku opatulika koposa onse a moyo wake? Mmodzi wa iwo, Eleazar ha-Kappar, anayankha molimba mtima kuti wachimwira moyo wake womwe, podzimana chimene Mlengi sanamletse. Ena anatsutsa, nati tchimo lake ndi kutsika kuchoka pamalo okwera. Ine ndimaonjeza lachitatu, lochokera m'mudzi: kuti amene wadzipatula wasiyira anzake mtolo wake, ena anakumba manda amene iye akadakumba, ena anagona pasiwa m'malo mwake, ndipo n'koyenera kuti pobwera asabwere ndi mapewa okweza, koma ndi nsembe m'manja. Zindikiraninso kuti nkhosa zitatu si chuma cha mmphawi. Chifukwa chake unali mwambo kuti opeza bwino azilipirira Anaziri osauka, ndipo ndi mwambo womwewo umene akulu a mpingo wa ku Yerusalemu anapempha Paulo kuti autsate, m'buku la Machitidwe mutu 21, polipirira amuna anayi kuti amete. Munthu anali kutuluka m'mudzi yekha, koma polowanso anafuna dzanja la mnzake. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wopatulika. Ndipo pamwamba pa zonsezi buku la Deuteronomo, mutu 23, linena kuti wosawinda konse alibe tchimo; tchimo lili pa wowinda wozengereza kuchita.

Chimenechi ndicho chowinda cha m'lamulo: cha mwini wake, cha nyengo yodziwika, chokhala ndi khomo lobwerera. Koma Anaziri amene ana athu amawadziwa maina sali otero ayi, pakuti onse anawindiridwa ndi ena asanaone dzuwa. Samsoni, mwana wa Manowa wa ku Zora, wa fuko la Dani, sitimva paliponse kuti anatsegula pakamwa pake kuwinda. Amake ndiwo anauzidwa, amake ndiwo anasala vinyo ali ndi pakati, ndipo mwanayo anangopeza mtolo uli kale pamutu. Anausenza monga anthu amasenzera zimene sanasankhe. Anafula uchi m'mtembo wa mkango, napatsako atate ndi amake osawauza kumene wachokera. Anachita madyerero a masiku 7 ku Timna pakati pa Afilisti. Ndipo ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada pamiyendo ya Delila m'chigwa cha Soreki. Chimene chimandimvetsa chisoni pa munthu ameneyu si maso ake okolowoledwa ndi Afilisti, koma kuti m'mitu inayi yonse ya mbiri yake sitimuona akutsogolera gulu la nkhondo monga Gideoni kapena Baraki. Amenya yekha, abisala yekha, anthu a Yuda omwe amammanga ndi zingwe kumpereka kwa adani, ndipo abale ake amatulukira pamapeto penipeni, kudzatola mtembo. Anapatulidwa popanda tsiku lobwerera, ndipo lumo limene likadamfikira pakhomo la chihema, pakati pa nsembe ndi madalitso, linamfikira ali m'tulo m'nyumba ya mdani.

Za Samueli zinayenda bwinopo, ndipo ndiyesa chifukwa chake ndi amake, Hana. Mkazi ameneyu, amene wansembe Eli anamuyesa woledzera pomuona akugwedeza milomo ku Silo, anawinda mwana amene analibe, ndipo atamlandira anampereka atangoleka kuyamwa. Koma sanamtaye, pakuti chaka ndi chaka anali kumsokera kamwinjiro kakang'ono ndi kupita nako. Chingwe sichinaduke, ndipo Samueli atakula anamanga nyumba yake ku Rama, kwao kwa makolo ake. Koma Yefita wa ku Gileadi ndiye amaimira kuipa konse kwa kuwinda pamutu pa wina. Pofuna kupambana Aamoni analonjeza kupsereza chilichonse chidzayambe kutuluka pakhomo pake kudzamchingamira, ndipo chinatuluka ndi mwana wake mmodzi yekha, ali ndi lingaka m'manja. Ife timati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ku Mizipa, kwao kwa Yefita, zinatembenuka, wamkulu anadya, mwana ndiye anapotedwa. Komatu Levitiko 27 imaika mtengo wa siliva woombolera munthu wowindidwa, ndipo wa mtsikana wa zaka zapakati pa 5 ndi 20 unali masekeli 10 okha. Aphunzitsi a Ayuda amati Yefita akadapita kwa mkulu wa ansembe akadamasulidwa, koma iye anati ndine mtsogoleri, sindingapite, wansembenso anati ndine wamkulu, adze yekha, ndipo pakati pa kudzikuza kuwiriku mwana anatayika. Safunsa anadya phula.

Makolo athu anadziwa kupatula kwa mtundu womwewu, ndipo n'kodabwitsa kuti iwonso anakuika m'tsitsi. Ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kunali Makewana, amake a ana onse, mkazi wa Chauta, amene W. H. J. Rangeley analemba mbiri yake mu 1952. Makewana sanali kukwatiwa monga akazi ena, anatumikiridwa ndi matsano, akazi opatulidwa nawonso, ndipo tsitsi lake silinali kumetedwa, pakuti anthu anakhulupirira kuti kulidula kukadakhala kudula mvula. Sindinena izi monyoza, chifukwa anthu amene anaika moyo wa dziko lonse pamutu pa mkazi mmodzi anamlemekeza koposa mafumu, ndipo mafumuwo anali kumtumizira mphatso. Koma tsitsi limenelo silinali lake, linali la minda ya anthu onse. Ndipo tsiku lakuti alimete, aliponye pamoto, abwerere kwao akakhale mkazi wamba pamtondo ndi anzake, panalibe. Momwemonso mkazi wa Chikang'ombe kuno kwathu: mvula ikagwa, dziko lonse linakondwa, koma mtengo wake analipira munthu mmodzi.

Phiri la Khondowe linabwera ndi kupatula kwina. Mishoni ya Livingstonia inaletsa mowa kwa onse ofuna kukhala mu mpingo, ndipo munthu wogwidwa ndi chipanda anali kuimitsidwa pa Mgonero. Zifukwa zake zinali zoona, ndipo aliyense amene waona mawere a chaka chonse akuthera m'mbiya ana akugona ndi njala, kapena mnyamata wa masiku ano amene kachasu wamdya nkhope asanakwatire n'komwe, sanganene kuti amishoniwo ndi akulu a mpingo analota. Mabanja ambiri a m'mapiri a Phoka ndi m'chigwa cha Henga anaphunzitsa ana ao ndi ndalama zimene zikadapita ku mowa. Komabe chimene Mose anachisiya m'manja mwa wofuna, kwa nyengo, chinasanduka chipata cha onse, kwa moyo wonse. Ndipo lamulo la Mnaziri likaikidwa pa khamu losawinda, limabala mbewu ziwiri, anthu oona amene alisunga ndi mtima wonse, ndi ena amene pa Sabata amayera mbee, koma Loweruka usiku anadzera njira ya kuseri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkhristu woyamba wa m'mudzi analipiranso mtengo umene mmishoni sanaulipire, pakuti pokana mowa wa dima anakana ndi makasu a anansi ake omwe.

Pali mlandu winanso wa mbali inayo, umene mneneri Amosi anaimba nao Israyeli m'mutu 2 wa buku lake, wakuti anamwetsa Anaziri vinyo ndi kutseka aneneri pakamwa. Mudzi sukonda munthu wosiyana nao, chifukwa kukana kwake kumaoneka ngati chiweruzo. Ndipo alipo ambiri lero amene sapeza mtendere kufikira mnzao wosamwa atalawako, kuti onse akhale ofanana. Yeremiya anaika mbale zodzala vinyo pamaso pa Arekabu m'chipinda cha Kachisi, ana a Yonadabu amene sanamwe vinyo, sanamange nyumba, sanabzale mbewu, ndipo atakana, Yehova anawayamikira pamaso pa Yuda yense. Wowinda ndi mtima wake asakakamizidwe kuswa, monganso wosawinda asakakamizidwe kusenza.

Mwa opatulika onse amene ndimawaona m'boma lino, amene ndiyesa kuti anapeza njira yabwino koposa ndi amayi a bungwe la mpingo la Umanyano. Iwonso amalonjeza pamaso pa mpingo, iwonso ali ndi chizindikiro choonekera patali, duku loyera ndi bulauzi yoyera pa siketi yakuda. Koma lamulo lachitatu la Mnaziri analitembenuza, pakuti maliro akagwa, iwo ndiwo amayamba kufika, ndiwo amakhala pafupi ndi bokosi usiku wonse akuimba, ndiwo amatunga madzi ndi kugwira wamasiye pamkono. Kupatulika kwao kumawalowetsa m'nyumba imene Mnaziri analetsedwa kulowamo. Anaphunzira kwa Iye amene pachipata cha mudzi wa Naini anakhudza chithatha cha mwana wa mkazi wamasiye, osaopa kudetsedwa, amenenso adani ake anamtcha wakumwaimwa vinyo pomwe Yohane anamtcha wogwidwa ndi chiwanda chifukwa chosamwa.

Tsitsi nalo silinaleke kukhala mlandu m'dziko lino. M'masiku a Kamuzu lamulo linaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ofika nalo pabwalo la ndege anali kulimeta asanalowe. Ulamulirowo utatha, lumo linatsalira m'sukulu za boma, kumene ana a Arasta anali kubwezedwa pachipata, pamene makolo ao amati akusunga mawu omwewa a Numeri 6. Zinatero kufikira mu Meyi 2023, pamene Khoti Lalikulu ku Zomba, pakamwa pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti anawo alandiridwe m'sukulu ndi tsitsi lao. Khotilo linaweruza bwino, pakuti lumo la mphunzitsi wamkulu pamutu pa mwana wotere silisiyana ndi chikho chimene Amosi anadzudzula, ndipo nzeru sizilowera m'tsitsi kuti tsitsi lizitchinge. Koma kwa makolowo, amene ndiwalemekeza chifukwa anapirira zaka zambiri, ndili ndi mawu amodzi: mwana amene tsitsi lake lakula chifukwa cha chikhulupiriro cha atate ndi amake ali m'gulu la Samsoni ndi Samueli, sanawinde yekha, ndipo lidzafika tsiku limene ayenera kufunsidwa ngati chowindacho achitenga kukhala chake. Mutu womwewo umene uletsa lumo pa ndime 5 umaliitananso pa ndime 18.

Mu chaka cha 70 Aroma anatentha Kachisi wa ku Yerusalemu, ndipo guwa la nsembe linazima. Zitangochitika izi, Anaziri ena ochokera kumaiko akutali anafika mumzindamo, atayenda ulendo wonse ndi tsitsi lao kuti adzamete ndi kumasuka, napeza mabwinja okhaokha. Mphunzitsi wina, Nahumu Mmedi, anawafunsa ngati akadawinda atadziwa kuti Kachisi adzagwa. Ndipo atayankha kuti iyayi, anawamasula onse. Nkhaniyo itafika kwa anzeru ena, iwo anaigawa pawiri: amene anawinda Kachisi atagwa kale, iwo osadziwa, ndi omasuka, popeza anawinda molakwitsa, koma amene anawinda Kachisi akali chilili, chowinda chao chikhalabe, pakuti tsoka lakudza pambuyo silifafaniza mawu olankhulidwa kale. Otsalawo analibe moto woponyapo tsitsi lao, ndipo guwalo silinamangidwenso kufikira lero. Anzeruwo anateteza ulemu wa lonjezo, ndipo pa malamulo a bwalo sanalakwe. Koma anasandutsa Anaziri a moyo wonse anthu amene anawinda nyengo yowerengeka, chinthu chimene Mose sanalembe ndipo eni akewo sanalonjeze. Ine ndikadakhala nao pabwalo limenelo, ndikadaima ndi Nahumu.